Mtedza wa kafukufuku wa Imelda

Inu, tamverani za Imelda Kachingwe, uja mwamuona pachithunzi atavala gauni. Pamenepo akumwetulira ngati zonse zinayenda myaa, koma a ku Chiosya akudziwa zina.

Chaka chomaliza ku yunivesite, aliyense wophunzira sayansi ya mbewu amayenera kuchita kafukufuku wakewake. Imelda anasankha kufufuza za chuku, poyizoni uja amabisala mu mtedza wosauma bwino, ndipo anadzakhala milungu itatu ku Chiosya, kwa azakhali ake, a Dailesi. Anatsika pa kabaza atavala chikhoti choyera cha ku labu, kuti anthu asamusokoneze ndi mavenda ogula mtedza. Sanamusokonezedi ndi mavenda. Kutacha anapeza amayi khumi ndi awiri atandanda pakhonde, ana kumbuyo, timabuku ta kusikelo kumanja. Anawafotokozera kuti iye si nesi koma wasayansi. Mayi wina anavomera mwaulemu, n'kumupatsirabe mwana kuti angomumverako chifuwa.

Ntchito inayamba. Nyumba makumi anayi, paliponse mtedza wodzaza dzanja, m'envulopu yakeyake, nambala pamwamba. Akapeza wakuda ndi wofota nkhope inkawala, moti alimi ankanong'onezana kuti sukulu ikachuluka munthu amayamba kukondwera ndi zowola.

Mphunzitsi wake, Dokotala Mbewe, anali atalamula kuti ophunzira asamangotenga za anthu, aziwaphunzitsanso. Choncho Imelda anasonkhanitsa alimi pabwalo la tchalitchi, n'kuyankhula m'Chingerezi theka la ola za afulatokisini, manambala ali mbwee. Anthu ankangoyang'anana ngati pamaliro a munthu wachilendo. Pomaliza a Dailesi anakweza mkono.

"Kodi mwanawe, zonsezi ukunena chuku?"

Atavomera, bwalo lonse linapumira m'mwamba. Apo Imelda anachisiya Chingerezi n'kunena mwachidule: umitsani bwino, musanyowetse posenda, wachuku sankhani mutaye. Amene anagwedeza mutu movomereza kwambiri ndi azakhali.

Kenaka kunabwera uthenga woti akakumane ndi a Mbewe ku Chipata, pamsonkhano wa ophunzira a mayiko awiri, ndipo atenge maenvulopu onse chifukwa kumeneko kunali makina oyezera. Imelda anali asanadumpheko malire chibadwire. Mudzi wonse unamva kuti akupita kunja kwa dziko, paja mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. A Dailesi, amene amapita ku Chipata komweko kawiri pamwezi kukaoda zitenje, sanafune kumuchotsa chimwemwe. Anangomuuza kuti apite akalukitse tsitsi, katundu amulongedzera okha.

Pa boda ya Mchinji, woona katundu atafunsa za m'chikwama, Imelda anatulutsa kalata ya ku yunivesite n'kuyankha m'Chingerezi chosalala kuti muli zinthu za kafukufuku, zofunika kugwira mosamala. Bamboyo anatsegula zipi. Inu, fungo lake! Munali jumbo imodzi yokha, mtedza wonse pamodzi, wokazinga bwinobwino, wothira mchere, maenvulopu opanda kanthu atapindidwa mwaukhondo pambali pake. Bambo uja anayang'ana kalata, anayang'ana jumbo, anabwereranso pa kalata. Dalaivala wa thiraki amene anali kumbuyo pamzere anapempha kulawako kafukufukuyo, ndipo anachitira umboni kuti mchere unali wokwanira.

Imelda anaimba foni pomwepo.

"Azakhali, mtedza wanga mwautani?"

"Ndakusankhira, mwanawe. Wachuku wonse ndataya kudzala monga unatiphunzitsira, wabwinowo ndi kamba wa paulendo. Ukanapita nawo kunja kwa dziko wowola choncho, a ku Zambia akanati a ku Chiosya ndi anthu otani?"

Anakhala pabenchi n'kulira ndithu, pakuti popanda zotsatira, gauni ya chaka chimenecho inali itamudutsa. Atafika ku Chipata anafotokoza zonse misozi ili m'maso. A Mbewe atamva, anatapa mtedza m'jumbomo, n'kumupatsa milungu ina iwiri uku akutafuna.

Anabwerera ku Chiosya atafatsa, n'kuyambiranso khomo ndi khomo, odi wake ali pansipansi. Tsoka lake linali loti anthu anali atamveradi: m'mudzi monse wachuku unali kusowa ngati dzino la nkhuku. Azakhali, podzimva kulakwa, anamuperekeza wapansi kumidzi itatu yoyandikana kumene phunziro lija silinafike, ndipo kumeneko wowola anaupeza wochuluka. A Mbewe ataona kusiyanako anati ayerekeze midziyo, ndipo lipoti linatuluka lokoma kuposa limene ankafuna poyamba.

Tsiku lolandira digiri, a Dailesi anabwera atavala chitenje chatsopano. Dzina la Imelda litaitanidwa, anagwira mkono wa bambo wachilendo amene anakhala pambali pawo.

"Ameneyo ndi wathu, bambo. Mayeso anakhoza yekha, koma kafukufuku wake woyamba ndinamukazingira ndine."