Teni Kwacha ya Amalume

Zinayamba Loweruka lomaliza la mwezi wa Juni, nthawi ili cha m'ma 1 koloko masana, pamene ndinakoka sutikesi ya pansi pa bedi n'kutulutsamo ndalama imodzi. Ndikanadziwa, bwenzi nditangomanga mbuzi monga amachitira amalume ena onse.

Chinali chaka chija ndalama zachitsulo za faifi ndi teni kwacha zitangofika kumene, zikuluzikulu zija zinkaboola matumba a thalauza. Ine ndinali kalaliki pa esiteti ina ya tiyi kufupi ndi Chitakale. Sindimwa mowa, njuga sindiidziwa, mpira ndimangomvera kwa anthu. Matenda anga ndi amodzi: ndimasunga ndalama zasiliva za chikumbutso. Izi zimasulidwa zochepa chabe, pokumbukira chinthu china chake, ndipo siziyenda m'misika. Iliyonse imagona m'kabokosi kake ka pulasitiki koonekera mkati, mwini wake n'kumangoiyang'ana.

Zoyamba ndinagula kwa manijala wathu wakale pamene ankalongedza katundu kubwerera kwawo. Zina anandibweretsera msuweni wanga wa ku Joni. Zonse pamodzi zikanakwana m'dzanja limodzi. Koma panali imodzi imene ndinkaikonda kuposa zinzake. Mbali ina inali ndi chizindikiro cha boma lathu, dzina la dziko, ndi mtengo wake, teni kwacha. Mbali inayo inali ndi chombo cha matanga ambirimbiri chili pakati pa mafunde a nyanja ya mchere. (Chimene anaikira chombo chotero pa ndalama ya dziko lopanda nyanja ya mchere, musandifunse ine.)

Lamulungu masana ndinkakhala nayo pakhonde. Chifunga chikatsika m'phiri n'kuphimba minda ya tiyi, pansi ponse pankasanduka madzi oyera, phiri n'kutsala ngati chilumba, ine n'kukwera chombo chija. Malemu mayi anga anachokera ku Mozambiki, ndipo ankasimba za madzi opanda tsidya lina amene anawaona kamodzi ali mtsikana. Ine sindinawaonepo. Ndinkangowafika ndili pampando wanga, mpaka mayi a kunyumba ataitana kuti tiyi wazizira.

Munthu mmodzi yekha wakunja ndi amene ndinamuonetsa ndalamayi: a Wilisoni, eni golosale ya pa Chitakale, amenenso ndi msungichuma wa ku tchalitchi kwathu. Anaizondotsa, naiyang'ana pa dzuwa.

"Iyi ndi mendulo, akalaliki. Ya othamanga."

"Ndi ndalama."

"Ndalama yanji yokhala m'nyumba yakeyake? Ine ndalama ndimaidziwa ndi fungo la usipa."

Ndinawafotokozera monga anandiuzira manijala uja. Ndalama imakhala ndalama chifukwa boma laivomereza, osati chifukwa yada ndi manja a anthu. Ikakhala ndi chizindikiro cha boma ndi mtengo wake, lamulo limaidziwa, ndipo munthu sangaikane. A Wilisoni anaseka. Ine sindinaseke. Mkanganowu unatenga miyezi. Ndikapita kukagula shuga, ndinkauyambira pomwe tinalekezera. Ndine munthu wa mawu ochepa, koma ochepawo ndimawabwereza.

Tsiku lina anakweza manja.

"Ndiye mukuti ndi teni kwacha yeniyeni?"

"Yeniyeni."

"Munthu sangaikane?"

"Ndi lamulo."

"Basi, ndagonja. Anthu a sekondale inu."

Ndinabwerera kunyumba ndikuyenda ngati ndapambana mlandu ku khoti. Koma pali chinthu chimodzi chimene sindinawauze: siliva wa ndalamayo akanagula mbuzi yaikulu, chenji n'kutsalako. Izi ndinabisa dala. Golosale ndi malo a makutu ambiri, ndipo mawindo a nyumba za kampani ndi osalimba. Ngakhale mayi a kunyumba sindinawauze (akanafunsa kuti ndinaigula zingati, ndipo yankho lake silikanakoma).

Tsopano Esinati, mwana woyamba wa mlongo wanga, ankakwatiwa ndi mnyamata wa ku Limbuli. Kwathu kuno malume ndiye mwini mbumba. Mphatso yake anthu amaidikira, ndipo amaikumbukira mpaka pa maliro ake. Mwanayu ndinamulipirira sukulu ndine, ndipo ndinkafuna kumupatsa chinthu chabwino koposa chimene ndinali nacho.

"Mbuzi tili nayo, bambo," anatero mayi a kunyumba. "Mbuzi anthu amaiona."

"Mbuzi imafa. Siliva safa."

"Chabwino. Mbumba ndi yanu."

Ndinakonza zonse m'mutu. Ndikamuika ndalamayo m'dzanja, n'kunena mawu ochepa: kuti ukwati ndi ulendo wa pamadzi, kuti aisunge osaigwiritsa ntchito, kuti mtengo wake weniweni ndikamunong'oneza padera. Ndinaika kabokosiko m'thumba la jekete, tinanyamuka.

Madyerero anali mu holo ya sukulu ina pafupi ndi msewu. Kunja kunali chiperoni, mawindo onse ali mbee. Perekaniperekani anali atayamba kale. Akwati ataima kutsogolo ndi beseni lachitsulo, gulu lililonse likuitanidwa kudzavina n'kuponyamo ndalama. Pambali panali tebulo la ophwanya ndalama, amene amalandira beseni likadzaza, kuwerengera, n'kumasinthira anthu mapepala akuluakulu kuti apeze zing'onozing'ono zoponya. Wamkulu wa tebulolo anali a Wilisoni. Ndinawagwedezera mutu, iwo anandigwedezeranso. Sindinaganize kanthu.

Nthawi inakwana. Woyendetsa mwambo anatsitsa nyimbo.

"Tsopano amalume a mkwatibwi, okhaokha, opanda wowathandiza. Tione ngati ku esiteti amalipira."

Ndinadzuka. Beseni linali litangokhuthulidwa, lopanda kanthu, lowala. Apa ndi pamene maganizo ena anandilowa. Manijala uja anandiuzapo kuti siliva akagwa salira ngati chitsulo wamba, koma zaka zonsezi ndinali ndisanamvepo, poti sindinkaitulutsa m'kabokosi kuopa zala. Ndinati ndimve kamodzi kokha, ndisanatsanzikane nayo. Ndinatsegula kabokosi, ndinaigwira m'mphepete, ndinaisiya kuti igwe m'beseni.

Inalira. Kulira kwake kunali kowonda, kwakutali, ngati belu la mishoni likamamveka kutsidya la chigwa, ndipo sikunafune kutha. Ndinayang'ana Esinati. Nsalu yoyera ya kumutu kwake inkagwedezeka ndi kamphepo kolowera pawindo losweka, ndipo ndinaona thanga. Pansi pa holo panayamba kupendekeka pang'onopang'ono. Kunja kunalibenso tiyi, kunalibe msewu, kunali madzi aja a mayi anga. Ndinaima pomwepo, kabokosi kopanda kanthu kali m'manja, mawu onse ndinakonza aja atapita ndi mafunde.

Chimene chinandidzutsa ndi nthungululu. Mlongo wanga ndi amayi a mbumba anali atandizungulira, wina wandimanga chitenje m'chiuno, nyimbo yakweranso. Ndinavina (amene anaona amati ndinkaoneka ngati munthu wopima munda). Nditacheuka, beseni linali litapita ku tebulo.

Nyimbo inatsikanso. Woyendetsa mwambo anawerama kwa a Wilisoni, anamva chimene anamva, anawongoka pang'onopang'ono.

"Amalume a mkwatibwi. Mwini mbumba. Akalaliki a ku esiteti." Anadikira kuti holo ikhale chete. "Teni kwacha. Koma yachitsulo, abale, kuti imveke."

Holo yonse inagwa ndi phwete. Mbali ya kuchimuna ndiyo inaseka mwaulemu, pakamwa ataphimba ndi manja, zimene zinapweteka koposa. Mlongo wanga anandimasula chitenje chake osandiyang'ana.

Ndikanathamangira ku tebulo nthawi yomweyo. Koma gulu lotsatira linali la makolo a mkwati, ndipo kuti ndifike ku tebulo ndinayenera kudutsa pakati pa apongozi akuvina. Mwini mbumba sachita zimenezo. Ndinakhala pansi kudikira kuti nyimbo ithe. Itatha anapempha ina. Anthu a ku Limbuli amavina mosaumira.

Pomaliza ndinafika.

"A Wilisoni, ndalama ija."

"Ya chombo ija? Yandivutitsa, akalaliki. Aliyense ndikamupatsa pa chenji amaibweza." Anamwetulira ngati mwana wa sukulu amene wakhoza masamu. "Koma ndathana nayo. Azakhali a mkwati, aja a duku lobiriwira, amafuna zophwanyika. Akuti iyi si ya ku Malawi. Ndiye ndawauza mawu anu omwe aja: chizindikiro cha boma ndi ichi, mtengo ndi uwu, munthu sangaikane, ndi lamulo. Alandira."

"Alandira."

"Mwandiphunzitsa bwino, akalaliki. Kodi mwadwala?"

Azakhaliwo ndinawapeza panja, atakhala pa mwala pafupi ndi lole imene inabweretsa anthu a kuchimuna. Anali atafunda zitenje ziwiri, phava la nthochi lili pamiyendo. Ndinawapatsa moni wonse bwinobwino, ndinafunsa za kunyumba, za ulendo, za mvula ya kwawo, kenako ndinafika pa nkhani.

"Yolemera ija?" anatero. "Ndagulira nthochi izi, achimwene. Mayi wogulitsayo amakana, akuti ndi ya azungu. Ndamuuza kuti ndi lamulo, akaikana akagona ku polisi. Wailandira pompo."

(Za polisizo sindinanenepo ine. Lamulo likamayenda limanenepa.)

"Mayiyo ali kuti?"

"Wasenza dengu lake, walowera uko." Analoza ku Chitakale, kumene kunalibe chooneka koma chifunga. "Sindikumudziwa. Idyani imodzi, zakupsa bwino."

Ndinalandira ndi manja awiri. Mlendo wa kuchimuna akakupatsa chakudya sukana. Ndinaidya nditaimirira m'mphepete mwa msewu, ndikuyang'ana koyera kuja. Anthu a njinga ankatulukamo ngati mabwato, n'kulowanso. Ndinayesa kukwiya, koma sizinatheke. Ndinkangoona chombo changa, chimene chinakhala zaka zonse zija pansi pa bedi, chikuyenda tsopano: kuchoka pa mfundo ya chitenje kupita m'mbale ya wogulitsa tomato, kuchoka apo kupita m'thumba la kondakitala, mwina mpaka ku malire, aliyense akuchikana, aliyense akuuzidwa kuti ndi lamulo. Mwina tsiku lina chidzafika ku madzi aja ine ndisanafike.

Potsanzikana, Esinati anandigwira dzanja.

"Musadandaule, amalume. Inalira bwino. Ine ndinamva."

Madzulo, tikudya, ndinawauza mayi a kunyumba zonse, ndi mtengo womwe. Anatafuna nthawi yaitali.

"Ndiye mwadya nthochi ya mtengo wa mbuzi."

"Imodzi yokha. Zinazo adya azakhali."

"Mukanawauza a Wilisoni kuti ndi siliva, akanaipereka pa chenji?"

"Ayi."

"Mukanandiuza ine, ndikanakulolani kuitulutsa m'nyumba muno?"

"Ayi."

"Chingwe chili kuseri kwa chitseko."

Ndinagona ndikuganiza kuti ndinatha miyezi kuphunzitsa munthu theka la choonadi, ndipo iye analigwira bwino kuposa mwini wake. Ndinalonjeza mumtima kuti za chombo ndaziiwala.

M'mawa mwake, tisanapite ku tchalitchi, ndinamanga mbuzi ija n'kuikoka mpaka kwa mlongo wanga. Ndinadzera msewu waukulu, kuti anthu aione. Pobwerera ndinaima pa Chitakale kugula machesi. Ndinapereka pepala lalikulu, ndipo chenji chitabwera ndinatembenuza ndalama iliyonse. Ndinalowa sitolo yotsatira kugula mchere. Yotsatiranso, machesi ena. Kwa amayi a tomato ndinagula mulu umodzi uku, umodzi uko, wa nthochi aliyense ndinamugulako.

Nditafika kunyumba, matumba a thalauza akulendewera ndi zitsulo wamba, mayi a kunyumba anayang'ana jumbo, anayang'ana ine.

"Machesi onsewa, bambo?"

"Kukuzizira," ndinatero.