Lole ya amalume ndi chinkhoswe cha ku Barking

Mpaka lero kumpingo kwathu kuli azimayi amene akandiona amayamba kuseka ndisanawapatse n'komwe moni. Sindiwaimba mlandu. Ndikanakhala iwo, nanenso nthiti zikanandipweteka.

Nthawi imeneyo ndinali mtsikana wa zaka naintini, ndikuphunzira ku Greenwich mumzinda wa London koma ndikukhala kwa amalume ku Thamesmead. Amalume anali ndi timalole tiwiri ndi kabizinesi konyamula katundu: kusamutsa anthu, komanso kutolera zinthu zakale zimene Amalawi ankatumiza kumudzi pa sitima. Ine laisensi ndinali nditangoitenga kumene, mutu utakula ngati dzungu. Tikakhala pa chakudya nkhani inali imodzimodzi.

"Amalume, n'chifukwa chiyani lamulo limakaniza achinyamata kuyendetsa zimalole zopita ku France zija? Ifetu ndiye a maso akuthwa, msana sutipweteka."

"Iwe, galimoto si maso," ankatero amalume. "Ukangoona hatchi m'mbali mwa msewu umaiwala kuti wagwira chiwongolero."

(Zinachitika kamodzi kokha, ndipo hatchiyo inali yokongola kwambiri.)

Mwayi wanga unafika Loweruka la chinkhoswe cha Thoko, mwana wa mnzawo wa amalume. Amalume anali atalonjeza kukatula mipando, matebulo, masipika ndi mapoto a mpunga ndi nkhuku ku holo ya ku Barking. Kutacha, phazi lawo linali litatupa moti nsapato inakana. Dalaivala wawo foni osayankha. Mayi Nyirenda, mkulu wa komiti ya chinkhoswe, anali akuimba mosalekeza.

Amalume anandiyang'ana ngati munthu amene akumwa mankhwala owawa.

"Kalole kakang'ono laisensi yako imalola. Makiyi ali pakhomo apo. Uyende pang'onopang'ono, ndipo uonetsetse kuti..."

Zotsalazo sindinazimve. Ndinali nditatsika kale masitepe, makiyi ali m'manja, mtima ukuimba ng'oma.

Abale, mpando wa lole ndi wina! Ukakhala pamwamba paja magalimoto onse amaoneka ngati tizidole. Ndinaimbira anzanga a kusukulu ndisanalize n'komwe injini, kuti adziwe kuti akucheza ndi ndani. Pa raundabauti yoyamba ndinazungulira kangapo ndisanapeze potulukira, koma ndinadziuza kuti ndikuyesa matayala.

Chimene chinandimaliza ndi pantoni ya ku Woolwich, yowolotsa magalimoto pa mtsinje. Anandiimika pakati pa zimalole zenizeni, ndipo dalaivala wina wandevu anandikwezera chala chachikulu. Ine ndinangogwedeza mutu pang'ono, monga timachitira ife madalaivala. Mtsinje wa Thames tsiku limenelo unali nyanja, ndipo tsidya lija linali dziko lina. Potsika injini inandizimira, mahutala n'kulira kumbuyo konse, wandevu uja naye akuimba yake. (Ubale wa madalaivala sukhalitsa.)

Nditayandikira Barking ndinati ndidule njira. Kamsewu kameneko kanali ndi zitsulo ziwiri zopanikiza magalimoto aakulu. Ndinayeza ndi maso akuthwa aja, ndinaona kuti ndikwana. Lole inakwanadi, galasi lakumanzere lokha ndi limene linatsalira. Ndinatsika, n'kulitola, n'kuligoneka pa mpando ngati wodwala, ulendo n'kupitirira.

Nditakhotera pa holo, mayi Nyirenda anaimba nthungululu.

"Taonani mwana wamkazi! Anyamata inu muli kuti? Bwerani mudzatsitse katundu!"

Azimayi anatuluka ndi zitenje zofanana, ena akuvina. Ine ndinatsika mwaulemerero, makiyi ndikuwazunguza pa chala, n'kupita kumbuyo kukakweza chitseko.

Munali matilesi. Munali njinga zopanda matcheni, firiji, masofa ong'ambika, ndipo kutsogolo kwenikweni kunali zimbudzi zadothi zoyera, zatsopano, zimene bambo wina ankatumiza ku nyumba imene ankamanga ku Lilongwe.

Nthungululu inathera pakhosi.

"Mwanawe," anatero mayi Nyirenda motsitsa mawu, "mpunga uli kuti?"

Ndinaimbira amalume.

"Amalume, mipando munaika pati?"

"Ili mu lole, ndikuiona pawindo pano. Ndimakuuza kuti uonetsetse kuti watenga ya mzere wabuluu. Ndakhala ndikuimba foni yako, bwanji sumayankha?"

"Ndimayendetsa, amalume. Lamulo sililola."

Anadula.

Apa n'kuti akuchimuna, anthu a ku Zambia, atayamba kufika atatchena. Thoko anasuzumira pakhomo, n'kuona zimbudzi zija, misozi n'kuyamba kuchotsa zodzoladzola kumaso. Ine ndinkafuna nthaka ing'ambike.

Koma mayi Nyirenda si munthu wogonja. Analamula kuti zonse zitsitsidwe. Masofa anawafunditsa zitenje kuti pakhale ankhoswe, ana anawakhazika pa matilesi. Mkulu wina wa kuchimuna, wa suti ya bulauni, anasowa pokhala, ndiye anakoka chimbudzi chimodzi, n'kutseka chivundikiro, n'kukhala mwaulemu wake wonse.

"Osadandaula mwana wanga," anandiuza, "mupando uyu uli che bwino. Wanizolowera kudala, kuyambira nili mwana."

Holo yonse inagwa ndi phwete, mpaka Thoko yemwe.

Ine ndinabwerera ku Thamesmead kukatenga lole yoyenera. Ulendo wachiwiriwu amalume anakwera nawo, phazi lotupa lija atalisanjika pa dashibodi, akukuwa "Buleki! Buleki!" ngakhale pamene tinali titaima. Za galasi la lole yoyamba ija anaziona okha, sanandifunse, anangopumira m'mwamba. Tinafika anthu atavina ndi njala mpaka kutopa. Mpunga unali utazizira, koma sunatsale ngakhale wa mbalame.

Maganizo anga sanasinthe kwenikweni. Achinyamata akhoza kuyendetsa malole, bola azidikira wamkulu amalize chiganizo, ndipo azisuzumira kumbuyo kwa lole asananyamuke. Ndimanena zimenezi paliponse mopanda mantha.

Chaka chino mwana wanga woyamba watenga laisensi, ndipo wayamba kuyang'anitsitsa makiyi a galimoto yanga. Ndamuuza kuti adikire kaye, akadali mwana.