Kakhobidi Kobooka ka Apongozi

Ku Salima kuno alipo anthu amene mpaka lero akakumana nane amayamba ayang'ana pamimba panga, moni pambuyo. Sindiwaimba mlandu. Nkhaniyi imandichititsa manyazi kwambiri, koma popeza anzanga amaikamba mothira mchere wambiri, bola ndiifotokoze ndekha mmene inayendera.

Inali nthawi ija matipate atangolowa kumene, aliyense akulankhula zakukhosi ndiponso akulota zolemera mawa lomwe. Ine ndinali mkamwini watsopano m'mudzi wina wa m'mbali mwa nyanja. Ndinkagula usipa kwa asodzi, kuuyanika pathandala n'kukagulitsa pa boma. Mkazi wanga Naphiri anali ndi pathupi poyamba. Masiku omwewo kunabuka mphekesera yoti kuli azungu akugula ndalama zakale za nthawi ya Chitaganya, zija zobooka pakati, ndipo kuti ukapeza yeniyeni, mtengo wake ugula injini ya boti. Mzungu wake palibe anamuonapo, koma aliyense anali ndi msuweni amene mnzake analemera nazo.

Tsiku lina m'minibasi ndinakhala pafupi ndi bambo wina wovala jekete lachikopa (kutentha kwa ku Salima, munthu n'kuvala chikopa, ndikanayenera kukayikira pomwepo). Bamboyu anandinong'oneza kuti makhobidi ambiri ndi achinyengo, akuchita kusulidwa ku Lilongwe, ndipo anandiphunzitsa kayezedwe kake. Uligwetse pamwala: lenileni limalira nthawi yaitali ngati belu la njinga. Uliyandikizitse singano: lenileni limaikoka. Ukafuna kutsimikiza, uliike pansi pa lilime, pakuti lenileni limanyerenyetsa ngati ukunyambita batire la wailesi.

Ndinatsika minibasi ija ndili katswiri. Sabata isanathe anthu anayamba kundibweretsera makhobidi awo kuthandala. Ndinkavala nkhope ya dokotala, kuwerenga chaka chake, kuyang'ana ngati nyama zojambulidwapo zafufutika, kugwetsa, kumvetsera, kulawa, kenako kupukusa mutu. Onse ndinkawagamula kuti ndi achinyengo, chifukwa panalibe ndi limodzi lomwe linakoka singano. Eni ake ankachoka akundithokoza, ndipo ulemu umenewo unandilowa m'mutu.

Apa m'pamene Naphiri anatchula kuti amayi ake, apongozi anga a Nachisale, ali ndi kakhobidi kakang'ono kobooka, kojambulidwa nyamalikiti ziwiri. Anawapatsa ndi malemu amuna awo ngati chikole powafunsira. Ana awo onse anakavalapo m'chiuno pamkuzi ali makanda, zidzukulu nazonso, ndipo tsopano ankakasungira mwana amene tinkayembekezerayo. Munthu wanzeru akanangoti zikomo pondiuza. Ine ndinamva kulira kwa injini.

Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana m'maso. Moni umaperekedwa patali, nkhope itapenya kumbali, ndipo zina zonse zimadzera mwa mkazi. Pempho langa linadzeranso mwa Naphiri, yankho n'kubwera ndi kakhobidiko katakulungidwa pakansalu: akuti ndikaone ndi maso okha, ndisapite nako patali, ndipo nkhani yogulitsa asaimve n'komwe.

Masana ake apongozi ali kumunda wa mpunga, Naphiri ali kumjigo, ndinakhala pakhonde ndekha. Kakhobidiko kanali kakuda bii, kosalala chifukwa cha matupi a makanda onse aja. Ndinakagwetsa pamphero, kanalira mokoma. Ndinayandikizitsa singano pa ulusi, singanoyo n'kugwedezeka (kunkaomba mwera, koma ndinasankha kusaumva). Kunatsala kutsimikiza basi. Ndinakaika pansi pa lilime n'kutsinzina, kudikira kunyerenyetsa kuja.

Ndinangomva munthu akutsokomola. Kutsegula maso, apongozi ali pafupi ndi nkhokwe, abwerako msanga kumunda. Anatula khasu, kugwada chapatali, kuomba m'manja, nkhope kumbali.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

Moni wa apongozi sungaunyalanyaze. Komanso sindikanalavula chikole chawo iwo akuona. Ndinadzuka pampando mothamanga kuti ndinjute, uku lilime likuyesa kukankhira kakhobidi kutsaya, uku pakamwa pakutseguka kuti ndiyankhe. Ntchito zitatu pakamodzi zinandikanika. Ndinangomva gudyu! kukhosi, chinthu chozizira chikutsika pang'onopang'ono. Ndinayankha moni uja misozi ikulengeza, iwo n'kuthokoza n'kumapita.

Naphiri atabwera anafunsa kakhobidi kuti akabweze. Ndinati kali pabwino. Anafunsa kuti pabwino pati, ine n'kuloza pamimba. Anapisa m'thumba la malaya anga, osapezamo kanthu, kenako anandiyang'ana nthawi yaitali. Atamvetsa anakhala pansi n'kuseka mpaka kugwira mimba yake, ndipo atatha kuseka anayamba kulira. Zonse ziwiri zinandipweteka chimodzimodzi. Ndinamuchonderera kuti tikanene kuti kagwera mumchenga.

"Ine kunamiza amayi, ayi," anatero. "Mwameza nokha, mubweza nokha."

Ndinayesa madzi amchere, ndinayesa chala kukhosi, koma inabwerera ndi mbatata ya m'mawa yokha. Kutacha ndinapalasa njinga kupita kuchipatala chaching'ono. Adokotala anandifunsa zaka zanga, n'kunena kuti vuto limeneli amalidziwira kwa ana okwawa. Anaitananso anamwino kuti ndibwereze nkhani yonse (sindikhulupirira kuti zinali zachipatala zimenezo). Malangizo awo anali oti ndidye bwino, ndidikire, ndipo kuchimbudzi chokumba ndisapiteko mpaka katundu ataoneka.

Choncho bambo wa ndevu zake anapatsidwa chidebe chakale, kamtengo, ndi malo kuseri kwa nthochi. Za ntchito imene inkachitika kumeneko sindifotokoza, ena mukuwerenga mukudya.

Apongozi sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. M'malo mwake kunyumba kwawo kunayamba kuchokera mbale: therere m'mawa, therere masana, papaya wakupsa pamwamba. Ndipo m'mawa uliwonse ndinkamva mawu awo panja, akufunsa mwana wawo modekha ngati akufunsa za mvula: "Naphiri, kodi alendo aja afika?" Ine m'nyumba ndinkafunda nsalu kumutu.

Nkhani ya m'mudzi siyenda pansi. Pofika kudooko, asodzi anali atandipatsa kale dzina loti a Banki. Ufulu wolankhula umene tinkauvinira uja unathera pa ine. Ndikamadutsa, wina ankafunsa ngati banki yatsegula lero, wina n'kuyankha kuti akadawerengera. Mkulu wina amene ndinamugamulira khobidi lake anandigwira dzanja mwaulemu, n'kunena kuti tsopano wakhulupirira kuti lake linali lachinyengodi, popeza lija ndinalavula. Usipa ndinkagula nditawerama, osanenerera mtengo.

Patapita masiku amene kwa ine anali ngati chaka, alendo aja anafika. Sindinasangalalepo chotero ndi chinthu chimene sindikanatha kuonetsa munthu. Ndinakatsuka ndi sopo, ndi phulusa, kukawiritsa, kenako kukakwecha ndi mchenga wa kunyanja mpaka kanawala ngati katsopano. Kuda kuja, kwa zaka zonse zija, kunatheratu. Naphiri anakaika pambale n'kutsogola, ine pambuyo, ndipo titafika ndinanjuta patali monga mwa mwambo.

Apongozi anayang'ana m'mbalemo nthawi yaitali osakhudza. Kenako anachita chimene anali asanachitepo chilowereni ine m'mudzimo: anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso.

"Bambo, tsopano mwakayeza mokwanira. Tatiuzani, n'kenikeni?"

Ndinayankha ndi mawu a mwana kuti sindikudziwa.

"Ine ndinkadziwa," anatero. "Anandipatsa ndi manja awo bambo a Naphiri." Anakankhira mbale ija kwa mwana wawo. "Apatse amuna akowa asunge. Mdzukulu wanga sangavale zimenezi."

Sanakweze mawu, ndipo sanadzaitchulenso nkhaniyi mpaka tsiku limene tinawaika m'manda. Mzungu uja sanabwere. Ukatswiri ndinausiya, ngakhale ndisaname, ndikaona ndalama yakale mpaka pano m'kamwa mumadzaza malovu, ndipo manja ndimachita kuwaika kumbuyo.

Mwana anabadwa wamkazi, wathanzi. Tsiku lomutulutsa m'chikuta anandipatsa kuti ndimunyamule, achibale onse atazungulira. Chala changa chinagunda kanthu kolimba m'chiuno mwake. Unali mkanda woyera wa pulasitiki, wogula pagolosale. Palibe anaseka, ndipo tsiku limenelo ndinalakalaka wina akanaseka. Mwa ana onse a m'banja limenelo, wanga ndiye anali woyamba kusavala chikole cha agogo ake, ndipo aliyense pabwalopo ankadziwa kumene chinadzera.