Nyenyezi Zisanu ndi Chitseko cha Atate

Lolemba

Yabwera! Eyakoni yanga yoziziritsira m'nyumba, yoyera mbee, ili pakhoma pabalaza, pamwamba penipeni pa chithunzi cha malemu amayi.

Ndaigulira Atate. Amayi atatisiya ndinakawatenga Atatewo ku Katete kuti tizikhala limodzi kuno ku Kabwata, mu Lusaka. Kumudzi kulibe wowaphikira, ndipo mankhwala a BP amamwa tsiku limene awakumbukira. M'nyengo yozizira anali phee. Koma chiyambire kutentha kwa Okutobala nyimbo ndi imodzi: "Nyumba yakoyi ndi uvuni. Lamulungu ndikwera basi."

Sakwera basi iliyonse. Ndanena ine.

M'sitolo m'tauni munali ziwiri. Ina yotchipa, ya nyenyezi ziwiri. Ina yodula, chipepala chake chomatidwa kutsogolo chili ndi nyenyezi zisanu. Wogulitsa akuti nyenyezi zikachuluka ndiye kuti makinawo amaziziritsa bwino koma magetsi amangonyambita. Ndatenga ya zisanu. Sindingalowetse m'nyumba chinthu chodya ngati mlendo wa pamaliro.

Ba Mwansa, amene aikhoma, andichenjeza akupukuta thukuta: "Ba sisi, manyenyezi aya yasebenza chabe ngati mwavala chitseko na mawindo yonse. Mukasegula, ninshi mufuna kuziziritsa Kabwata yonse."

Kutseka chitseko basi? Mwana wa kusukulu ya mkaka angathe.

Malamulo a m'nyumba muno kuyambira lero:
1. Chitseko chotseka.
2. Mawindo otseka.
3. Limoti imapita nane kuntchito.
4. Chipepala cha nyenyezi asachikhudze munthu.

Atate aima pansi pake, manja kumbuyo, akuiyang'ana nthawi yaitali. Kenako: "Ndiye firiji yoikamo anthu imeneyi?"

Aseke lero. Mawa andithokoza.

Lachiwiri

Ndikuchokera kuntchito, ndikukhota pakona, ndipo ndikuona ndili patali: chitseko changa chili yasa! Achitchinga ndi chimwala.

Atate akhala pampando pakhomo penipeni. Theka m'nyumba, theka panja.

"Ndapeza pabwino, mwana wanga. Msana uli mu Juni, nkhope ili mu Okutobala."

Ndikuthamangira ku mita. Mayunitsi amene ndimati atifikitsa kumapeto a mwezi athawa ngati minibasi yaona apolisi. Mayo ine!

Ndikuwakhazika pansi, ndikufotokoza mwaulemu wonse. Nyenyezi yoyamba mpaka yachisanu. Mphepo yozizira ikatuluka, makina amayambiranso, akayambiranso amadya magetsi. Akugwedeza mutu ngati akumva. Pomaliza akufunsa: "Nanga munthu akamadutsa pamsewupo, ndimupatsa bwanji moni chitseko chili chotseka?"

Ndikuti, Atate, muno mu Lusaka sitipatsa moni aliyense wodutsa.

"Ndaona," akutero.

Chinanso: apeza kapaipi kamene kamadontha madzi kuseri kwa nyumba. Akumba kale pansi pake, adzalapo nthanga za maungu zimene anabwera nazo m'thumba la jekete. Akuti pa zonse zimene makinawa amachita, chanzeru ndi kukodzako.

Chimwala ndachitaya kuseri kwa chimbudzi. Mawa ndigula sipuling'i kumsika wa Kamwala, chitseko chizidzitseka chokha. Tione amene atope.

Lachitatu

Sipuling'i ndagula mamawa, Ba Mwansa amanga. Chitseko chikudzitseka chokha, phwa! Ndapita kuntchito mtima uli m'malo.

Madzulo chitseko ndachipeza chotseka. Ndatsala pang'ono kuimba nyimbo ya kwaya. Ndikutsegula.

Zimene ndapeza pabalaza panga:
- Amake Bupe, a matimati apakona, ndi beseni lawo lonse
- bambo wosoka nsapato pansi pa mtengo wa pamsewu, nsapato ya munthu ili m'manja
- alonda awiri ogwira usiku ku Kabulonga, ali gone pakapeti, mkonono ngati chigayo
- mwamuna wina amene sindimudziwa n'komwe, akudya mabanzi anga

Pakati pawo Atate, ngati wapampando wa msonkhano. Akuti popeza chitseko chikukana kukhala chotsegula, akhala akuima pawindo kuitana aliyense wodutsa: "Lowani mudzaone Juni!"

Amake Bupe: "Ba neba, Mulungu akudaliseni. Matimati yanga lelo siyanafote olo imozi."

Ndaimbira Ba Mwansa ndili m'bafa, monong'ona. Akuti munthu aliyense m'chipinda ali ngati kambaula. Mbaula zonsezi, kuphatikizapo kulowa ndi kutuluka, nyenyezi zisanu zatsala imodzi ndi theka.

Koma ndilembe ichi. Atate akuseka. Kuseka kwenikweni, kogwira pamimba, akusimba za ng'ombe yawo imene inalowa m'tchalitchi. Chiikireni maliro a amayi sindinawamve akuseka chonchi. Ndaima kukhitchini misozi ili m'maso. Za basi sanatchule ngakhale kamodzi.

Mwaona? Kuzizira kukugwira ntchito! Chatsala n'kuchotsa anthuwa basi.

Tili pakati pa chakudya magetsi thi. Nyumba yathu yokha. Mayunitsi atha.

Lachinayi

Ndagula mayunitsi ena pafoni. Ndangowalowetsa mu mita, a magetsi atenga magetsi awo. Kabwata yonse mdima, akuti mpaka usiku. Nyenyezi zisanu, magetsi ziro.

Sindigonja. Fisi akatola fupa sataya. Ndapempha tsiku kuntchito kuti ndikonze nyumba.

Ntchito ya lero:
- timabowo tolowera mphepo pamwamba pa khoma: ndatseka ndi makatoni
- mpata wa pansi pa chitseko: chitenje chakale cha chipani chimene chinaluza
- makatani okhuthala, a salaula (kaunjika), amtundu wa chiwindi
- galasi losweka la windo la kukhitchini: pulasitiki ndi selotepu

Tsopano ngakhale udzudzu uyenera kugogoda.

Chodabwitsa n'chakuti anthu aja abweranso, chonsecho makina ali chete. Akhala ndi Atate pansi pa mtengo wa mango, dzuwa likuswa mtengo, akumba timaenje pansi akusewera nsolo ndi timiyala. Thukuta kamukamu, koma phokoso! Ndikuganiza kuti akudikira magetsi. Anthu a mu Lusaka akanunkhiza chaulere sachoka.

Madzulo ndawatengera pambali Amake Bupe. Mwaulemu kwambiri. Ndati Atate ndi odwala, adokotala akufuna kuti azipumula, anthu achepetseko kubwera. Adokotala sananene zimenezo, koma akanafunsidwa akananena.

Amake Bupe ayang'ana pansi. Kwa iwo Atate ndi ba Shikulu, ndiye kuti agogo. "Aa, pepani ba neba. Sitinazibe kuti tivutisa ba Shikulu. Nizabauza bonse."

Zatheka. Mawa tiyamba bwinobwino.

Lachisanu

Magetsi alipo, chitseko chotseka, mlendo palibe. Ndanyamuka ndikuyenda ngati mwini Cairo Road.

Masana mtima sukukhazikika, ndathawa kuntchito kudzaona. Chitseko chotseka, zikomo Ambuye. Koma mita ikuthamanga kuposa Lachiwiri!

Ndikulowa. Atate avala:
- juzi ziwiri
- chipewa cha ubweya cha amayi
- masokosi m'manja
- bulangete la pabedi panga

Kutsogolo kwawo, patebulo la galasi, aika chitofu chamagetsi cha mbale ziwiri. Zonse ziwiri zili psuu. Akuwotha.

Pamwamba eyakoni ikulimbana ndi chitofu, pansi chitofu chikulimbana ndi eyakoni, ndipo onse awiri akudya kwa ine.

Akuti poyamba amafuna kukoleza mbaula koma makala sanawapeze. M'nyumba yotseka chonchi!  Makala ndakawasungitsa kwa aneba, chitofu ndakhomera m'kabati.

Cholakwa ndi changa pang'ono: dzulo usiku, magetsi atabwera, poyesa limoti ndinaisiya pa 16. Ba Mwansa akuti ndiike pa 25, ndi pamene nyenyezi zimasangalala. Bwanji osanena Lolemba?

Atate afunsa kawiri ngati kunja kwagwa maliro, poti lero sanamve odi ngakhale mmodzi. Ndati anthu atanganidwa. Apita kuseri kukaona maungu awo. Akuti sanamere.

Mawa ndili panyumba tsiku lonse. Ndilondera ndekha.

Loweruka

Tsiku labwino kuposa onse!

Limoti pa 25. Makatani otseka. Ine pampando pafupi ndi chitseko ngati mlonda wa kubanki. Makina akungonong'ona. Ndapita ku mita kangapo: ikuyenda ngati nkhono. Wogulitsa uja sananame, Mulungu amusunge.

Kunja anthu akupsa. Ife muno ngati mabwana a ku Woodlands.

Chakumasana kwamveka "Odi!" Mawu a bambo wa nsapato. Ndasuzumira pawindo, ndati akugona. Wapita.

Atate sanali kugona. Anali pasofa, manja pamaondo, akuyang'ana chitseko. 

Ndawayatsira wailesi, akuti ndizimitse. Ndawapatsa nyuzipepala, aipinda bwinobwino n'kuikhalira. Nkhuku ya masana angoitola pang'ono. Ndi mmene zimakhalira thupi likamazolowera mphepo yatsopano, ndikuganiza.

Chachikulu n'chakuti tsiku lonse sanadandaule za kutentha. Ngakhale kamodzi! Uvuni uja watha.

Madzulo andifunsa ngati chikatoni chimene munabwera eyakoni chikadalipo. Ndawapatsa ndi manja awiri. Mwina akufuna kupangira maungu awo mthunzi. Munthu akayamba kusamala dimba ndiye kuti wakhazikika.

Ndapambana. Ndigona tulo ta mwana.

Lamulungu

Ndikuchokera ku Misa yoyamba. Chikatoni chili pakhonde, chomangidwa ndi chingwe mbali zonse. M'kati muli zovala, nsapato, mankhwala ndi chipewa cha amayi. Pambali pake nyenyezi zisanu zosindikizidwa, zikundiyang'ana.

Atate avala jekete ya ulendo.

Ndagwada. Ndati Atate, nyumba yazizira tsopano, mukufunanso chiyani?

"Yazizira ndithu, mwana wanga. Wachita zazikulu, ndipo ndalama zako ndazimvera chisoni. Ku Katete kukutentha kuposa kuno, usaganize kuti sindidziwa. Koma kumene kuja munthu ukakhala pakhomo, dzuwa silifika pamutu usanamve odi."

Ndati nanga bwanji mumati vuto ndi kutentha?

"Ukanakonda ndinene kuti nyumba ya mwana wanga ndi yosungulumwitsa?"

Ndadzuka, ndakatenga chikwama changa kuti ndiwaperekeze.

Sindikudziwa amene wawauza, koma onse abwera kudzaperekeza. Bambo wa nsapato wapukuta nsapato za Atate mpaka kuwala. Alonda aja, maso ali psuu ndi tulo, asenza chikatoni mpaka pa minibasi. Amake Bupe apereka matimati a m'njira. Ngakhale wa mabanzi uja wabwera, dzina lake ndi Ba Tembo, kwawo ndi ku Katete komweko. Atate anadziwa zimenezi Lachitatu. Ine ndakhala naye msewu umodzi zaka zonsezi.

Kusiteshoni ndaimbira msuweni wanga kumudzi kuti aziwakumbutsa mankhwala. Walonjeza. Ndikumudziwa, koma ndichitenji? Basi yanyamuka, Atate akupatsa moni munthu wa pampando wapambali, kuiwala kundibayibitsa.

Tsopano ndili pabalaza. Chitseko chotseka, mawindo otseka, limoti pa 25. Palibe wolowa, palibe wotuluka. Mita yangotsala pang'ono kuima. Nyenyezi zonse zisanu zikugwira ntchito monga analembera. Ine ndikungoyang'ana mpando wa Atate.

Kwamveka odi. Amake Bupe, kachitini kali m'manja. Akuti ba Shikulu anawasiyira ntchito yoyang'anira maungu, ndipo awiri amera. Aima patali, akuopa kulowa.

Ndamasula sipuling'i ndi mpeni wa kukhitchini. Chimwala chija ndachipeza kuseri kwa chimbudzi pamene ndinachitaya, ndachikunkhuniza mpaka pakhomo. Amake Bupe akhala pampando wa Atate, msana mu Juni, nkhope mu Okutobala. Ine ndikuteleka tiyi.

Mita yayambanso kuthamanga. Isiyeni. Lero tikuziziritsa Kabwata yonse.