Khasu Lochokera ku Chiphimba

Kuseri kwa mapiri asanu kunali dziko laling'ono lotchedwa Pamthunzi, limene Mulungu analikonda ndithu, pakuti analipatsa nthaka yakuda ndi mvula yofulumira. Koma makolo a dzikolo, atagonja pa nkhondo kalekale, analumbira kukhala pansi pa ufumu waukulu wa Chiphimba, ndipo lumbirolo linabala mwambo uwu: munthu asadzale kanthu khasu lisanabwere. Chaka ndi chaka mfumu ya Pamthunzi inkatumiza mbuzi makumi awiri ndi khasu latsopano kwa Mfumu Yaikulu Chimeza. Iyo inkagwira mpini ndi dzanja lake lodala, khasu n'kubwerera, ndipo pamenepo anthu ankaloledwa kudzala. Popeza ku Chiphimba mvula imachedwa ndi mwezi wathunthu, khasu nalonso linkachedwa, ndipo anthu amene Mulungu ankawadalitsa pa nthawi yake ankakolola ngati otembereredwa.

M'masiku a Mfumu Gwadani, munthu wofatsa amene maondo ake anakakala chifukwa cha ulemu, mthenga wa khasu, nduna Pakatikati, anatupa mwendo mvula itayamba kale. Udzu unamera m'minda, ndipo mai Tidyenji, mkazi wamasiye wolera ana asanu ndi mmodzi, anafika kubwalo atasenza mbewu m'lichero. Anagwada nati, "Mfumu yanga, mwini dziko, Mwini mvula wagwira kale ntchito yake. Tikadikira mwendo wa a Pakatikati, ana anga adzadya udzu ukumerawu." Mfumu inayankha kuti kudzala popanda khasu ndi kuputa mkondo wa Chimeza, koma chifundo chinaigwira, ndipo inaganiza zonyamuka yokha ndi khasu kupita ku Chiphimba. Pakatikati atamva anadandaula kwambiri, mpaka anayesa kuvina ndi mwendo wotupawo kuti aonetse kuti wachira, koma anagwera mumtondo.

Patapita masiku asanu ndi limodzi, Gwadani anafika pachipata cha nyumba yachifumu, nayamba kukwawa akutamanda Chimeza monga mwa mwambo. Palibe anamuletsa, palibenso anamulonjera. Denga linali litagwa, ndipo m'chipinda cha mpando wachifumu munagona mbuzi zonenepa, zodulidwa khutu lamanzere monga amachitira a Pamthunzi. Pakona panali nkhalamba Mtsalira, amene kale anali mlonda, akusenda chinangwa. Nkhalambayo inamusiya Gwadani kuti atsirize matamando onse, pakuti inali itawasowa, kenako inati, "Dzukani, bambo, mungang'ambe nsalu. A Chimeza anamwalira zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, ndipo ana awo anamenyanirana dziko mpaka kutha. Khasu lanu ndimaligwira ndine. A Pakatikati amakhala nane mwezi umodzi, timadya mbuzi ziwiri kapena zitatu, kenako amabwerera." Anaonjezera kuti kangapo ankafuna kutumiza uthenga woti a Pamthunzi ndi mfulu, koma mthengayo ankati si bwino kudzidzimutsa anthu osauka.

Gwadani analira misozi yachimwemwe, nakweza manja kuyamika Iye amene amathyola magoli. Tsiku loyamba la ulendo wobwerera anayenda akuimba nyimbo zachipulumutso mpaka mawu kusasa. Tsiku lachitatu anakumbukira kuti mpando wake ndi chisoti chake chofiira zinachokera kwa Chimeza. Tsiku lachinayi anakumbukiranso kuti anthu akamadandaula, iye ankangoloza kumapiri n'kuusa moyo, ndipo ankamusiya. Tsiku lachisanu analeka kuimba. Atalowa m'dziko lake, anayamba wapita kukazonda mwendo wa Pakatikati, ndipo anauzonda nthawi yaitali chitseko chili chotseka.

Kubwalo anthu anadzaza, mbewu zili m'manja. Mfumu inakweza khasu, nilengeza kuti Mfumu Yaikulu, mwa chifundo chake chosatha, yalola kuti kuyambira tsopano a Pamthunzi azidzala ndi mvula yoyamba. Koma mbuzi zikhale makumi anayi, ndipo pofuna kuzipeputsira ulendo, zizisungidwa m'khola la Gwadani. Nthungululu zinamveka mpaka kumapiri, ndipo okalamba anadalitsa dzina la Chimeza.

Mai Tidyenji anali atasenza kale lichero, koma ulemu unawabweza. Anagwadanso nati, "Mfumu yanga, kodi Mfumu Yaikuluyo mwaipeza ili bwanji?"

Gwadani anakonza chisoti chake, nayankha ndi nkhope yoyera ngati ya woimba kwaya, "Ili moyo, mai. Ndipo tsopano ili pafupi nafe kuposa kale."