Muzu Umene a Nasoni Sanauzule

A Nasoni ankachiritsa makompyuta ochedwa a tauni yonseyi, koma yawo inkatenga mphindi makumi awiri kuti iyake. Sindikuwonjezera ayi. Ine Maness, kashopu kanga ka fotokope kanali khomo ndi khomo ndi kawo ku Old Town kuno, ndiye ndinkaona ndekha. Akadina batani ankapita kukagula chigumu, kukapereka moni kwa a Mikaili atelala, n'kubwerera kudzapeza chinthucho chikadayasamula.

Asanayambe zamakompyuta anagwira ntchito ya m'maluwa ku Area 9 zaka khumi ndi zisanu, ndipo mutu wawo sunachokemo m'munda.

"Pulogalamu ndi kapinga," ankatero. "Mukati mwaichotsa, mwangomweta pamwamba. Mizu ili pansi, ikumwa madzi."

Tsiku lina kunabwera bwana wina wa ku City Centre, a Maynard, tayi ili pakhosi, laputopu m'khwapa.

"Madala, iyi yanditopetsa. Imangoima njii, kenako timauthenga mbwee. Ingoifomatani, zonse zifufutike."

"Kufomata!" A Nasoni anagwira mutu ngati amva uthenga wa maliro. "Muotche munda wonse chifukwa cha chisoso?"

Anaitsegula, n'kuyamba kupukusa mutu.

"Bwana, kunyumba muli ndi alonda angati?"

"Mmodzi."

"Muno muli atatu, oteteza ku mavayirasi. Aliyense akuti mnzake ndi wakuba, akungogwirana pakhosi. Ndiye munawonjezeranso katsache aka, kapulogalamu kotsukira, kamene kamasesa n'kuunjika zinyalala pakhomo."

"Awiriwo ndinawachotsa chaka chatha!"

"Munawachotsa ntchito, bwana, koma ku boyizikota sanasamuke. Kompyuta ikadzuka nawonso amadzuka, n'kumafuna tiyi."

Anatsegula mndandanda wa zonse zimene zimayaka limodzi ndi kompyuta, n'kuyamba kuzula chimodzichimodzi, kutsatira mpaka m'mafoda obisika. Chilichonse ankachitsanzika: "Pita bwino, ukapereke moni kwanu." Atayatsanso, laputopu ija inangoti ng'anii, bwana asanamalize n'kukhala pansi komwe.

A Maynard anaseka mpaka tayi kugwedezeka. Kenako diso lawo linagwera pa kompyuta ya a Nasoni, imene inali ndi kabokosi kotuwa pakati pa sikirini.

"Nanga yanuyi, madala?"

"Imeneyo isiyeni, imayamba yapemphera kaye."

Ine zinkandinyansa, ndisaname. Anthu ena ankati akaona makina a dokotala mwiniwake akutsimphina choncho, ankabweza phazi pakhomo pomwepo. Ndinawalankhula mpaka malovu kuuma. Iwo ankangoti, "Mayi Maness, fotokope yanu yatha inki," ngakhale isanathe.

Ndiye tsiku lina atapita kukagula chigumu, ndinati lero ndi lero. Ndinali nditawaonerera zaka zokwanira kuti ndidziwe pogwira. Ndinalowa, ndinakhala pampando wawo, ndipo muzuwo ndinaupeza msanga: zotsalira za kapulogalamu kakalekale kokopera zithunzi kuchokera m'foni. Kapulogalamuko kanachotsedwa kale, koma kachidutswa kake kankadzuka m'mawa uliwonse n'kuimitsa zonse. Ndinaika dzanja pamausi.

"Mayi Maness! Chotsani dzanjalo!"

Aa! A Nasoni, munthu amene sanakalipirepo ngakhale nkhuku. Chigumu chinali chitagwa pansi.

"Ine ndimafuna kukuthandizani, achimwene."

"Mwawerenga?"

Zaka zonsezo kabokosi kaja ndinkangokaonera patali. Ndinayandikira. Kanali m'Chingerezi, kakunena kuti foni ya Alinesi siyikupezeka. Pansi pake panali mabatani awiri, lina loti yesaninso, lina loti siyani.

Alinesi anali akazi awo. Anamwalira zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo, ndipo foni yawo inasowa m'minibasi tsiku lomwe a Nasoni ankabwera ndi zovala zawo kuchokera kuchipatala.

"Imamufunafuna m'mawa uliwonse," anatero chapansipansi. "Ndimadina katatu kuti iyesenso, n'chifukwa chake imachedwa. Abale anazolowera, akumpingo anaiwala. Ofunsa za iye tatsala awiri, ine ndi iyi."

Manyazi amene ndinachita tsiku limenelo sindidzawaiwala. Ndinatola chigumu chija, kuchipukuta, n'kutuluka. Mawa lake atabwera kudzandiuza kuti fotokope yanga yatha inki, ndinadziwa kuti andikhululukira.

A Nasoni anatisiya chaka chatha nthawi ya dzinja, atadwala masiku atatu okha. Kashopu kawo pano mukugulitsidwa makava a mafoni. Amene akukonza makompyuta mumsewu muno amangodziwa kufomata basi, ndipo sabata yathayi ndinaona mayi wina akulira pakhonde chifukwa zithunzi za ukwati wake zapita. A Mikaili amati nthawi ya chigumu ikakwana amadzutsabe mutu pamakina osokera. Ine ndimawasowa kwambiri achimwene aja.

Patatha mwezi chichitikireni maliro, mwana wawo Emily anabwera atanyamula kompyuta ija. Yanga inali itangofa kumene, anthu a makalata ofunsira ntchito akubwerera pakhomo.

"Anti, adadi anati ndikupatseni. Anati pozula mukupadziwa."

Zoona, ndimapadziwa. Ndi ntchito ya mphindi ziwiri, ndipo makasitomala anga sakanadikiranso. Ndinaiyatsa, kabokosi kaja kanabwera, ndinakhala ndikukayang'ana mpaka Emily anatsanzika.

Masiku ano ndimatsegula shopu mphindi makumi awiri nthawi isanakwane. Ndimadina batani, ndimapita kukagula chigumu, ndimapereka moni kwa a Mikaili. Ndikabwerera ndimapeza ikufunsa za Alinesi, ndipo ndimaiuza kuti iyesenso, katatu.