Mimba ya Mkulu wa Mijigo

M'mudzi wina waukulu, womwe dzina lake tilisiye poti eni ake amawerenga nyuzipepala, munali boma lodziwa kuyeza zinthu. Kwina anthu amatuluka thukuta ndi manambala pofuna kudziwa ngati chuma cha boma chili bwino. Kumeneko ayi. Ankangoitana telala.

Chaka chilichonse m'chilimwe, akuluakulu a nthambi zonse za boma ankafola pabwalo atakweza malaya, telala n'kumawazunguliza tepi pamimba. Nzeruyi anabwera nayo ndi Wolemekezeka Chimbalanga, Mlonda Wamkulu wa Thumba la Anthu komanso Mlangizi wa Alangizi Onse. Iwo ankati nthambi yomwe ikulandira ndalama zokwanira imaonekera pa lamba wa bwana wake. Mimba ikakula, nthambiyo ili ndi thanzi, iwonjezeredwe ndalama. Ikaphwa, nthambiyo ikudwala, ndipo boma silithira feteleza pa chimanga chofota.

Zinkayenda bwino zedi. Mkulu wa Misewu anali atasiya kalekale kuona zala za kumapazi kwake, ndipo anthu podumpha maenje ankanyadira kuti misewu yawo ili ndi thanzi. Mkulu wa Zipatala ankalowa mu ofesi chammbali.

Vuto linali Bambo Lufeyo Kamtedza, Mkulu wa Mijigo. Munthuyu anali woonda ngati mpini wa khasu, chifukwa cha khalidwe lina loipa: ndalama zikabwera, ankagulira mapaipi ndi girisi. N'zoona kuti mijigo yonse inkatulutsa madzi, koma madzi sayezedwa ndi tepi.

"Bambo Kamtedza, mukutichititsa manyazi," anatero Wolemekezeka Chimbalanga, telala atawanong'oneza zomwe wapeza. "Mlendo akakuonani aziti boma lagwa. Chaka chamawa tepi ikadzapezanso zomwezi, nthambi yanu tidzatseka, inu muzikaweta abakha."

Bambo Kamtedza anachita mantha, poti ntchito ankaikonda ndipo ana anali pasukulu. Anayesa mandasi. Anayesa mapeyala. Anayesa kugona masana. Thupi linakanitsitsa, pajatu malipiro a boma sanenepetsa munthu.

Akazi awo, Nankhoma, anatopa n'kuwaona akudzitsina pamimba m'mawa uliwonse.

"Abambo, mbuzi imadya pomwe aimangirira," anatero mayiwo. "Inu anakumangirirani pa mijigo, koma mukungotafuna chingwe. Anzanu aja mukuyesa ananenepa ndi mapemphero?"

Apa m'pomwe maso a Bambo Kamtedza anatseguka, ndipo kunena zoona, munthuyu anaphunzira msanga. Ndalama za mapaipi zinasanduka kanyenya. Za girisi zinasanduka mafuta okazingira nkhuku. Anayambitsa misonkhano yokambirana za ubwino wa madzi, yochitikira kutali ndi mjigo uliwonse, yokhala ndi tiyi kawiri chakudya chamasana chisanafike. Mijigo inayamba kutsokomola, kenako inangoti zii. Amayi anabwerera kudambo ndi zidebe pamutu kukalimbirana madzi ndi ng'ombe. Koma lamba wa bwana anabooledwa mabowo atsopano mpaka malo oboola anatha.

Tsiku loyeza litakwana, tepi ya telala inaperewera, anachita kulumikiza ndi chingwe cha nsapato. Nthungululu zinamveka bwalo lonse. Wolemekezeka Chimbalanga anaimirira misozi ili m'maso.

"Chiyambire mudzi uno, nkhani ya madzi sinakhalepo bwino chonchi," anatero. "Nthambi ya Mijigo ndiyo yathanzi kuposa zonse. Iwonjezeredwe ndalama lero lomwe."

Phwando linayambira pomwepo, dzuwa likuswa mtengo. Wolemekezeka anatola nthuli yaikulu ya mbuzi yowotcha, n'kuiviika mu tsabola wa kambuzi, ndipo chifukwa cha chimwemwe anaiwala kutafuna. Nthuli inaima pakhosi. Maso anatong'oka, tsabola akuchita zake.

"Madzi," anatero ndi kamawu kakang'ono.

Telala anathamanga ndi kapu kumjigo wa pabwalo. Anapopa, mjigo unangolira kwiii. Anathamangira wa kumsika, chimodzimodzi. Wa kusukulu anaupeza mbuzi itamangiriridwa pachogwirira. Anabwerako wefuwefu, kapu ili gwaa.

Wolemekezeka anagwira Mkulu wa Mijigo pamkono. "Kamtedza... madzi aja... ali kuti?"

Bambo Kamtedza anagwada mwaulemu, ngakhale kugwadako kunatenga nthawi, n'kusisita mimba ndi manja awiri.

"Mijigo yonse ili muno, Wolemekezeka, ndipo ili ndi thanzi. Mwayezetsa nokha."